Mmene Mungapezere Cholakwika pa Masamu a Hash mu Asayimenti ya Ongoyamba Kumene

Ophunzira ambiri a zamakompyuta kuno ku Mzuzu, kaya a ku Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) kaya amene amadziphunzitsa okha kudzera pa intaneti, amafika pa phunziro la hash table akudzidalira kuti kuwonkhetsa, kuchulukitsa ndi kugawa anakumaliza ali ku pulayimale. Asayimenti yake imaoneka yosavuta: tengani mawu, muwasandutse nambala imodzi yotchedwa hash, kenako mugwiritse ntchito nambalayo posankha malo oikapo mawuwo mu tebulo. Koma pulogalamu ija ikayamba kutulutsa nambala ya mainasi, kapena kuima mwadzidzidzi pa dzina limodzi pamene maina ena onse akudutsa bwinobwino, wophunzira amayamba kusintha mizere mwachisawawa, apa kuika abs (yochotsa mainasi), apo kusintha mtundu wa nambala kuchoka pa int kukhala long (yosunga nambala zazikulupo), mpaka vutolo litabisala osati kutha. Langizo langa ndi lakuti musanasinthe mzere uliwonse, dziwani kaye yankho lolondola powerengera papepala, kenako mufufuze sitepe yoyamba imene kompyuta yasiyana ndi pepalalo. Cholakwika chimakhala pomwepo, ndipo kawirikawiri sichikhala mu ganizo la hash, koma mu kukula ndi mtundu wa nambala imene mwasankha.

Tigwiritsa ntchito njira imene imapezeka mu maasayimenti ambiri, yomwenso ndi imene Java imatsata pa hashCode ya String:

h = 0
pa chilembo chilichonse c: h = h * 31 + c
malo = h % 101

Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mu dongosolo la ASCII, ndipo chizindikiro cha % chimapereka chotsala mukagawa, kotero kuti tebulo la malo 101 limayenera kulandira nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 100.

Yambani ndi mawu aafupi amene mungathe kuwerengera ndi bolopeni. Titenge dzina lakuti Mzuzu, momwe M ndi 77, z ndi 122, ndipo u ndi 117. Pa chilembo choyamba h ndi 77. Pa chachiwiri, 77 kuchulukitsa ndi 31 ndi 2,387, kuwonkhetsa 122 tipeza 2,509. Pa chachitatu tipeza 77,896, pa chachinayi 2,414,898, ndipo pa chomaliza 74,861,955. Nambala imeneyi tikaigawa ndi 101 imatsala 48. Lembani manambala asanuwo m'mbali mwa tsamba motsika, limodzi pansi pa linzake, ndipo muwasunge chifukwa ndiwo mudzayesere china chilichonse. Ntchito imeneyi siifuna magetsi kapena bandulo, choncho ndi yoyenera kuichita nthawi imene magetsi athima ndipo batire ya laputopu ili pafupi kutha.

Mukatero, ikani mzere umodzi mkati mwa lupu (gawo la pulogalamu lobwerezedwa pa chilembo chilichonse) woti uzionetsa pa sikirini zinthu zitatu nthawi iliyonse: chilembo chimene chawerengedwa, nambala yake, ndi h yatsopano. Ambiri amaonetsa yankho lomaliza lokha, koma yankho lomaliza limangokuuzani kuti chinachake chalakwika, silikuuzani pamene chalakwikira. Mizere ya pa sikirini muiyerekeze ndi ya papepala, umodzi umodzi, kuchokera pamwamba.

Ngati kusiyana kwayambira pa mzere woyamba penipeni, onani chimene h inali lupu isanayambe. Mu C, nambala imene simunaipatse poyambira siikhala ziro yokha ayi, imatenga chilichonse chimene chinali pamalopo mu memory. Enanso amaika h = 0 kunja kwa lupu yowerenga mawu onse, kotero mawu oyamba amatuluka bwino koma achiwiri amayambira pa chotsalira cha oyamba aja. Chizindikiro chake ndi chakuti mawu amodzimodzi amapereka hash yosiyana mukasintha ndondomeko ya mawu mu fayilo.

Ngati mizere ya pa sikirini ili isanu ndi umodzi pamene zilembo zili zisanu, ndiye kuti mwawerengera pamodzi ndi chizindikiro cha kutha kwa mzere, chimene nambala yake ndi 10. Fankishoni ya fgets mu C imachisunga, chimodzimodzinso Python mukamawerenga fayilo mzere ndi mzere osagwiritsa ntchito strip. Pa dzina lathu lija, chizindikiro chosaonekacho chimasuntha malo kuchoka pa 48 kupita pa 84, ndiye dzinalo limalowa mu tebulo pa 84 koma polifunafuna mumayang'ana pa 48. Mafayilo olembedwa pa Windows amakhalanso ndi 13 kutsogolo kwa 10 uja. Samalaninso ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pakuti M ndi 77 pamene m ndi 109, ndipo ngati asayimenti ikufuna kuti ziwirizi zikhale chimodzi, muyenera kuzifananiza hash isanawerengedwe, poika ndi pofufuza pomwe.

Kusiyana kukayambira pa mzere wachiwiri, kawirikawiri vuto limakhala mabulaketi kapena chizindikiro cholakwika. Kulemba h = h * 31 + c % 101 si chimodzimodzi ndi kulemba h = (h * 31 + c) % 101, chifukwa % imagwira ntchito isanafike +, ndiye mu kalembedwe koyambako ndi chilembo chokha chimene chikugawidwa ndi 101 pamene h ikungokulirakulira. Amene apatsidwa njira ya djb2 ya Daniel J. Bernstein, yoyambira pa 5381 ndi kuchulukitsa ndi 33, amakumana ndi vuto lofanana nalo akalemba h << 5 + h, pakuti mu C kuwonkhetsa kumachitika kusuntha mabiti (timanambala ta 0 ndi 1 timene kompyuta imasungira nambala) kusanachitike, ndipo kalembedwe koyenera ndi (h << 5) + h. Chizindikiro cha ^ nachonso chimapusitsa anthu ambiri amene anazolowera kakyuleta ya ku sekondale. Mu C, Java ndi Python chizindikirochi ndi XOR, yoyerekeza mabiti a nambala ziwiri, kotero 31 ^ 2 imapereka 29 osati 961. Python ili ndi  ** ya ntchito yochulukitsa nambala ndi iyo yokha. Mu C ndi Java anthu amathamangira ku pow, koma pow imabweza double, mtundu wa nambala wa madesimo, ndipo double imasunga manambala athunthu molondola mpaka pa 9,007,199,254,740,992 basi, kupitirira apo manambala akumapeto amayamba kusochera popanda chenjezo lililonse. N'chifukwa chake kuchulukitsa ndi 31 pang'onopang'ono mkati mwa lupu kuli bwino kuposa kuwerengera mphamvu ya 31 ya chilembo chilichonse payokha.

Tsopano tifike pa vuto limene limatenga nthawi yochuluka ya ophunzira, lomwe ndi kusefukira kwa nambala. Pulogalamu yanu ikhoza kudutsa bwino pa mawu onse aafupi, kenako n'kugwa pa dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Tiyese dzina lakuti Luwinga. Manambala a zilembo zake ndi 76, 117, 119, 105, 110, 103 ndi 97, ndipo h imayenda motere: 76, kenako 2,473, kenako 76,782, kenako 2,380,347, kenako 73,790,867. Mpaka apa pepala ndi kompyuta zikugwirizana. Pa chilembo cha g, pepala likupereka 2,287,516,980, koma sikirini ya Java ikuonetsa -2,007,450,316.

Chachitika ndi chakuti int ya Java ili ndi mabiti 32, ndipo nambala yaikulu imene ingasunge ndi 2,147,483,647. Zili ngati manambala owerengera makilomita pa galimoto yakale, amene akafika pa mapeto amayambiranso, kungoti int siiyambira pa ziro koma imalumphira ku nambala yotsikitsitsa, -2,147,483,648, n'kuyamba kukwera kuchokera kumeneko. Mukhoza kutsimikiza nokha: chotsani 4,294,967,296, imene ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 32, pa 2,287,516,980, ndipo mupeza ndendende nambala ya mainasi imene ili pa sikirini. Kuyesa kumeneku ndimakuona kofunika kwambiri, chifukwa kumakuuzani mosakayikitsa kuti vuto ndi kusefukira osati china. Ngati kusiyana kwa pepala ndi sikirini kukugawika ndi 4,294,967,296 popanda chotsala, musavutikenso kufufuza mabulaketi.

Pa chilembo chomaliza pepala likupereka 70,913,026,477, pamene Java ikupereka -2,101,417,555. Nambala ya mainasi payokha si cholakwika, ndipo hashCode ya Java imaitulutsa mwadala pa maina ambiri, kuphatikizapo Katoto. Vuto limabwera pogawa. Mu Java, komanso mu C kuyambira pa muyezo wa 1999, chotsala chimatenga chizindikiro cha nambala imene ikugawidwa, kotero -7 % 5 ndi -2, pamene mu Python ndi 3. Choncho -2,101,417,555 % 101 mu Java ndi -41, ndipo popeza tebulo lilibe malo a -41, pulogalamu imaima ndi uthenga wa ArrayIndexOutOfBoundsException. Wophunzira wa Java ali ndi mwayi chifukwa amauzidwa. Wa C nthawi zina sauzidwa kanthu, pulogalamu imangolemba pamalo a memory amene si a tebulolo, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera patali, pa mzere umene ulibe mlandu.

Njira zokonzera zilipo zingapo, koma sizipereka yankho lofanana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Mukagwiritsa ntchito Math.floorMod(h, 101), imene inabwera ndi Java 8 mu 2014, Luwinga imapita pa malo 60. Mukachotsa biti ya chizindikiro polemba (h & 0x7fffffff) % 101, imapita pa 94. Mukagwiritsa ntchito Math.abs, imapita pa 41. Mu C, mukasankha unsigned int (int yopanda mainasi) ya mabiti 32, h imathera pa 2,193,549,741 ndipo malo ake ndi 27. Mu Python, momwe manambala athunthu amakula popanda malire, h imakhalabe 70,913,026,477 ndipo malo ake ndi 4. Yankho la 4 lomweli mumalipeza mu chiyankhulo chilichonse mukamagawa ndi 101 pa sitepe iliyonse mkati mwa lupu, chifukwa mukatero h siipitirira 100 ndipo kusefukira sikuchitika. Dzina ndi limodzi, njira yochulukitsira ndi imodzi, koma malo otheka ndi asanu.

Pa tebulo limene mukungoligwiritsa ntchito nokha, malo alionse mwa amenewa akhoza kugwira ntchito malinga ngati poika ndi pofufuza mukuitana fankishoni imodzi yomweyo. Koma asayimenti imene imachongedwa poyerekeza zotuluka zanu ndi za aphunzitsi imafuna yankho limodzi lokha, ndiye muyenera kuwerenga funsolo mosamala kuti muone ngati likunena kuti kugawa kuchitike mkati mwa lupu kapena kumapeto, komanso mtundu wa nambala umene likufuna. Anzanu awiri akhoza kukangana usiku wonse, wina ali ndi 27 wina ali ndi 4, onse awiri atalemba pulogalamu yopanda cholakwika. Funso likakhala kuti silinanene, funsani aphunzitsi, ndipo mupite ndi pepala lanu kuti muwaonetse chilembo chenicheni chimene manambala akuyambira kusiyana.

Mwa njira zonsezi, Math.abs ndi imene sindingakulimbikitseni, ngakhale kuti ndi imene imabwera msanga m'maganizo. Nambala yotsikitsitsa ija, -2,147,483,648, ilibe inzake ya pulasi imene ingakwane mu int, kotero Math.abs imaibweza ili ya mainasi momwemo. Zimachitika kamodzikamodzi, koma zimachitikadi, ndipo mawu akuti polygenelubricants amadziwika pakati pa olemba Java chifukwa hashCode yake ndi nambala imeneyi. Ayeseni pa pulogalamu yanu. Kwa olemba C, chenjezo lina ndi lakuti kusefukira kwa int wamba malamulo a chiyankhulocho sanakulongosole, ndiye compiler, yomasulira code yanu kuti kompyuta iigwiritse ntchito, ili ndi ufulu wochita nako chilichonse, pamene kusefukira kwa unsigned n'kololedwa ndipo kumatsata masamu odziwika. Gwiritsani ntchito uint32_t kapena uint64_t kuchokera mu stdint.h, chifukwa kukula kwa long kumasiyana: pa Windows ndi mabiti 32, pamene pa Linux ya mabiti 64 ndi 64. Wophunzira amene walemba pulogalamu pa laputopu yake n'kukaiyesa pa kompyuta ina mu labu akhoza kupeza mayankho awiri chifukwa cha chimenechi chokha. Onaninso printf yanu, pakuti nambala ya unsigned mukaionetsa ndi %d m'malo mwa %u, 2,193,549,741 imaoneka ngati -2,101,417,555 ngakhale kuti masamu ake ali bwinobwino, ndipo mukhoza kutaya nthawi mukukonza chinthu chosawonongeka.

Maasayimenti ena amagwiritsa ntchito nambala yaikulu yogawira, monga 1,000,000,007. Apa kugawa pa sitepe iliyonse sikukwanira ngati h ili int, chifukwa chotsala cha pafupifupi biliyoni imodzi mukachichulukitsa ndi 31 chimasefukira kugawako kusanachitike. Kusintha mtundu wa nambala yolandira yankho kokha sikuthandizanso. Mu Java, mzere wa long x = a * b, ngati a ndi b onse ali int, umachulukitsa kaye mu mabiti 32, n'kusefukira, kenako n'kusunga nambala yowonongeka kale mu long. Muyenera kusandutsa imodzi mwa ziwirizo kukhala long kuchulukitsa kusanachitike. Long ya Java imafika pa 9,223,372,036,854,775,807, ndiye zotsala ziwiri zosakwana 1,000,000,007 zikachulukitsana zimakwanamo.

Kuchotsera nako kumabweretsa mainasi ngakhale popanda kusefukira. Izi zimaoneka pa njira ya Rabin-Karp, imene Richard Karp ndi Michael Rabin anaifalitsa mu 1987, yofufuzira mawu aafupi mkati mwa nkhani yaitali. M'malo mowerengera hash kuyambira pachiyambi nthawi iliyonse, mumachotsa gawo la chilembo chimene chikutuluka kumanzere n'kuwonjezera chimene chikulowa kumanja. Tiyese ndi zilembo zitatu pa dzina la Mzuzu, tikugawa ndi 101. Hash ya Mzu ndi 25. Gawo la M ndi 77 kuchulukitsa ndi 961, limene likagawidwa ndi 101 limatsala 65. Tsono 25 kuchotsa 65 ndi -40, ndipo mukapitiriza choncho mu Java kapena C, kuchulukitsa ndi 31, kuwonkhetsa 122 ndi kugawa ndi 101, chotsala chake ndi -7. Hash yeniyeni ya zuz, mukaiwerengera payokha, ndi 94. Manambala awiriwa akusiyana ndi 101 ndendende, kusonyeza kuti masamu ake si olakwika kwenikweni, koma kompyuta poyerekeza -7 ndi 94 idzanena kuti n'zosiyana ndipo mawu amene alimo sidzawapeza. Kukonza kwake ndi kuwonjezera 101 mukangochotsera, kuti -40 ikhale 61, kenako n'kupitiriza. Njira yabwino yoyesera pulogalamu yotere ndi kuwerengera hash ya pamalo alionse kawiri, kamodzi mwa njira yosunthayo ndi kamodzi kuyambira pachiyambi, n'kuimitsa pulogalamu pamalo oyamba pamene ziwirizi zasiyana.

Pali vuto lina limene mabuku ambiri salitchula chifukwa zitsanzo zawo zimakhala za Chingerezi, koma ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka timakumana nalo. Chilembo cha ŵ, monga mu dzina la Malaŵi, mulibe mu ASCII. Nambala yake mu Unicode ndi 373, ndipo Java ndi Python zimachiwerenga ngati chilembo chimodzi. Mu fayilo ya UTF-8 chimasungidwa ngati mabaiti awiri (baiti imodzi ndi mabiti 8), 197 ndi 181, kotero strlen ya C, yowerengera utali wa mawu, imanena kuti Malaŵi ali ndi 7 osati 6. Pa makompyuta ambiri char ya C imalola mainasi, ndiye mabaiti awiriwo amawerengedwa ngati -59 ndi -75. Amene alemba hash yotenga chilembo n'kuchotsapo 'a' kuti apeze malo pakati pa 0 ndi 25 amagwa pomwepa. Sandutsani baiti iliyonse kukhala unsigned char musanaiwonkhetse ku h. Kachizindikiro ka mu mawu ngati ng'ombe kapena m'mudzi nako kali mitundu iwiri: kowongoka ka pa kiyibodi ndi 39, pamene kopindika kamene Microsoft Word imaika yokha ndi 8217 ndipo kamatenga mabaiti atatu mu UTF-8. Pa maso ndi mawu amodzi, koma hash zake n'zosiyana, ndiye mndandanda wa mawu oyesera muulembe mu pulogalamu yolembera code osati mu Word.

Amene asayimenti yawo ikugwiritsa ntchito njira za hash za MD5 kapena SHA-256 kudzera mu hashlib ya Python ali ndi vuto la mtundu wina. Chimene hexdigest imabweza si nambala, ndi zilembo, 32 pa MD5 ndi 64 pa SHA-256. Mukawonkhetsa ziwiri ndi +, Python imangozilumikiza kukhala mzere umodzi wautali, ndipo mukalemba % 101 imaganiza kuti mukufuna kukonza kaonekedwe ka mawu, n'kutulutsa TypeError yonena za string formatting imene imasokoneza munthu chifukwa siitchula masamu. Sandutsani kaye polemba int(x, 16). Mukatero, pewani chizindikiro cha / pogawa, chifukwa mu Python 3 chimabweza float imene singasunge mabiti 256 molondola, m'malo mwake gwiritsani ntchito // ndi %. Pobwerera ku hex, kalembedwe ka zilembo zija, maziro a kutsogolo amatayika pokhapokha mutanena utali wake, monga format(n, "064x"), ndipo ichi n'chifukwa chake pulogalamu zina zimalephera pa hash imodzi mwa 16 zilizonse, zimene zimayamba ndi 0. Kuti mutsimikize kuti mukudyetsa hash zinthu zoyenera, yesani ndi zilembo abc, zimene SHA-256 yake imayamba ndi ba7816bf. Ngati yanu ikuyamba mosiyana, mwalowetsa chinthu china chowonjezera.

Fankishoni ya hash imene imabwera kale ndi Python musaigwiritse ntchito pa asayimenti yofuna yankho lokhazikika. Kuyambira pa Python 3.3 ya mu 2012, hash ya mawu imasintha nthawi iliyonse mukayambitsanso pulogalamu, ndipo anachita zimenezi mwadala pofuna chitetezo. Mu JavaScript, manambala wamba onse ndi a mtundu wa double, ndiye pochulukitsa manambala aakulu gwiritsani ntchito Math.imul, ndipo >>> 0 imakupatsani nambala ya mabiti 32 yopanda mainasi.

Tinene kuti pulogalamu sikugwanso ndipo manambala akugwirizana ndi pepala, koma ikuchedwa, kapena mawu ambiri akuunjikana pamalo amodzi. Dziwani kaye kuti mawu awiri osiyana kukhala ndi hash imodzi si cholakwika. Mu Java, Aa ndi BB onse ali ndi hash ya 2112, ndipo tebulo lanu liyenera kuyerekeza mawu enieniwo likapeza kuti hash zafanana, osangokhulupirira nambala. Ikani mawu awiriwa mu mayeso anu kuti muone ngati onse akusungidwa ndi kupezeka. Chimene chili cholakwika ndi kuunjikana kopitirira muyezo, ndipo mumakuona poonetsa chiwerengero cha mawu amene ali pamalo alionse mu tebulo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda pophunzitsa ndi cha tebulo la malo 31 pamene nambala yochulukitsira ndi 31 yomweyo. Popeza h * 31 imagawika ndi 31 popanda chotsala, zilembo zonse zakumbuyo zimafafanizika ndipo chotsala chimachokera pa chilembo chomaliza chokha. Mawu a Chichewa pafupifupi onse amathera ndi chilembo cha liwu, ndiye a amapita pa 4, e pa 8, i pa 12, o pa 18 ndipo u pa 24. Malo 26 amakhala opanda kanthu pamene mawu masauzande adzazana pa malo asanu. Munthu woyesa ndi mawu a Chingerezi akhoza kuchedwa kuliona vutoli chifukwa mawu akumeneko amathera ndi zilembo zosiyanasiyana, koma ndi mawu athu limaonekera nthawi yomweyo. Kukula kwa tebulo kusagawane nambala ndi chochulukitsira, ndipo n'chifukwa chake mabuku amalangiza nambala ya prime, imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 101. Hash yongowonkhetsa manambala a zilembo popanda kuchulukitsa nayo ndi yofooka, pakuti kula ndi luka, kapena nena ndi nane, amatuluka ofanana. Yotenga chilembo choyamba chokha imadzazitsa malo a m, k ndi c, chifukwa mayina ndi aneni ambiri a Chichewa amayamba ndi mu, ma, ku ndi chi.

Zida zothandizira zilipo ndipo n'zaulere, koma muzigwiritse ntchito mutadziwa kale chimene mukufunafuna. Pokompaila C ndi gcc, onjezerani -Wall -Wextra kuti ikuchenjezeni za printf yosagwirizana ndi mtundu wa nambala ndiponso za mabulaketi okayikitsa, komanso -fsanitize=undefined kuti pulogalamu itchule mzere weniweni pamene int yasefukira. Valgrind kapena -fsanitize=address zimagwira kulemba kunja kwa tebulo limene munalipanga ndi malloc. Mu Java, sinthani kwa kanthawi kuchulukitsa kwanu kukhala Math.multiplyExact, imene imatulutsa ArithmeticException nambala ikangosefukira, kenako mubwezeretse mukapeza malowo. Mu chiyankhulo chilichonse, ikani mzere wotsimikizira kuti malo ali pakati pa 0 ndi kukula kwa tebulo kuchotsa 1 musanakhudze tebulolo. Python imathandizanso ngati kakyuleta yoyesera pulogalamu za C ndi Java, pakuti mukalemba h % 2**32 mumapeza chimene unsigned int iyenera kusunga, ndipo pa mawu aatali amene pepala silingakwanitse, njira imeneyi ndi imene imalowa m'malo mwa bolopeni.

Musanapereke asayimenti, sungani fayilo yaing'ono ya mawu oyesera pamodzi ndi mayankho amene mukuyembekezera. Mukhale mawu opanda chilembo chilichonse, chilembo chimodzi chokha, Mzuzu amene sasefukira, Luwinga amene amasefukira, Malaŵi, ng'ombe wa mitundu iwiri ija, Aa ndi BB, komanso dzina lalitali ngati Mchengautuwa, limene limasefukira kangapo lisanathe. Nthawi iliyonse mukasintha mzere umodzi, yesaninso mawu onsewo musanasinthe wachiwiri, ndipo mukamaliza muchotse mizere yoonetsa masitepe ija, chifukwa pulogalamu yochonga imayerekeza zotuluka zanu chilembo ndi chilembo ndipo mzere umodzi wowonjezera ukhoza kukulepheretsani funso limene munalikhoza.